Kalata yotseguka kwa atsogoleri a dziko ndi a zipani, yochokera kwa telala wa mu Lilongwe

Olemekezeka Pulezidenti wa dziko lino, Wachiwiri kwa Pulezidenti, atsogoleri a zipani zonse, ndi inu aphungu a Nyumba ya Malamulo,

Ndikupatsani moni mwaulemu. Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina mumzinda wa Lilongwe, ndipo kwathu ndi ku Ntcheu. Ntchitoyi ndinaiyamba m'chaka cha riferendamu, 1993, ndili mnyamata wa zaka 25, choncho zaka zimene ndakhala pa makina osokera n'zofanana ndi zaka za ndale za zipani zambiri m'dziko muno. Ndalemba kalatayi chifukwa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chinandisiyira maganizo amene akukana kuchoka mumtima mwanga, ndipo ndaona kuti kuwanena kwa makasitomala anga okha sikukwanira, popeza amene mungathe kuchitapo kanthu ndinu.

Palibe nsalu ya chipani chachikulu imene sinadutse pansi pa singano yanga. Ndasoka yachikasu ya UDF, yabuluu ya DPP, yalalanje ya PP, ya tambala wakuda ya MCP ndi yofiira ya UTM, ndipo nthawi ya kampeni ndimaweruka usiku ndikusita makolala ndi nsimbi ya makala kuti anthu akaoneke bwino pamsonkhano wa mawa lake. Ndili ndi kope lakale limene ndimalembamo miyezo ya makasitomala, khosi, chifuwa, mkono ndi utali wa malaya, ndipo pambali pa dzina ndimamata kachidutswa ka nsalu imene munthu wabweretsa kuti ndisasokoneze. M'kopemo muli masamba ena amene dzina ndi limodzi, muyezo ndi umodzi, koma tizidutswa ndi titatu kapena tinayi tosiyana mitundu, ndipo masamba oterowo ndi a anthu obwera pa magalimoto. Masamba a amayi ogulitsa tomato, a anyamata a kabaza ndi a alonda a masitolo amakhala ndi kachidutswa ka mtundu umodzi kwa zaka khumi kapena kuposerapo.

Ndikukumbukira bwino mwezi wa Epulo 2012. Malemu Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5, Mayi Joyce Banda analumbira pa 7, ndipo maliro asanapite n'komwe ku Ndata, bwana wina amene ndinkamusokera anafika pakhonde panga ndi nsalu yalalanje ataikulunga m'nyuzipepala. Mu Malichi anali atandisiyira yabuluu, ndipo malaya ake anali atatha, atangotsala mabatani. Nditawatulutsa kuti ayese, sanawagwire n'komwe. Anangoti, “Asungeni kaye amenewo a telala, nyengo yasintha.” Ndinawapinda n'kuwaika pansi m'thumba langa la nsalu. Patapita zaka ziwiri, zotsatira za chisankho cha Meyi 2014 zitangolengezedwa, dalaivala wa bwana uja anabwera kudzafunsa ngati malaya abuluu aja akadalipo. Ndinaika mabatani, ndinasita, analipira, ndipo sabata yomweyo ndinamuona mwini wake atawavala ali kutsogolo kwa gulu.

Tsopano ndikuuzeni za achimwene anga. Iwo ndi alimi kumudzi, ndipo anayamba kukonda DPP m'chaka cha 2005 pa chifukwa chimene palibe angachinyoze. Chaka chimenecho kunagwa njala, kenaka boma linayambitsa makuponi a feteleza, ndipo achimwene anaona nkhokwe yawo itadzaza mpaka anamanga yachiwiri. Kuchokera nthawi imeneyo, ukawauza za chipani china amangokulozera nkhokwe. Sanapatsidwepo udindo uliwonse, galimoto ya chipani imene anakwerapo ndi lole yopita kumsonkhano, ndipo chimene analandira m'manja zaka zonsezi ndi nsalu ziwiri ndi chipewa. PP italowa m'boma iwo sanasunthe, MCP italowa sanasunthenso, ngakhale kuti kuvala buluu m'zaka zimenezo sikunali kobweretsa phindu.

Ine mu 2019 ndinavotera malemu Saulos Chilima. Zotsatira zitatuluka zoti a Peter Mutharika apeza mavoti 38.6 pa 100 alionse, a Chakwera 35.4 ndipo a Chilima 20.2, n'kumvekanso za mapepala ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ndinatseka makina anga n'kulowa nawo m'zionetsero, ndipo ndinafuula nawo kuti wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho la MEC, Mayi Jane Ansah, atule pansi udindo. Mu Disembala chaka chimenecho ndinapita kumudzi, ndipo tili pa nsima, m'mbale imodzi monga tinkadyera tili ana, nkhani inabuka. Achimwene anati ine ndi anzanga tikutentha dziko chifukwa chokana kugonja. Ine ndinawayankha kuti akuikira kumbuyo akuba mavoti. Anasiya mbamu ili m'manja, anasamba, n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo tinatha zaka zisanu ndi miyezi ingapo tisanadyere limodzi. Pamaliro tinkakhala mbali zosiyana za bwalo, moni unkadutsira mwa alongo athu, ndipo mwana wawo wamkazi atapeza banja sindinamusokere diresi la chinkhoswe limene ndinamulonjeza ali kamtsikana. Chinthu chimenechi chimandipweteka mpaka lero, chifukwa chinkhoswe sichichitika kawiri.

Ndiyenera kuvomereza kuti achimwene sanalakwe zonse. M'zionetsero zija masitolo a anthu osalakwa anathyoledwa, wapolisi anaphedwa ku Msundwe, ndipo amayi a m'deralo anachitidwa nkhanza zosaneneka pobwezera. Nanenso sindinalakwe zonse, chifukwa pa 3 Febuluwale 2020 bwalo la milandu linagamula kuti chisankho chija sichinayende bwino. Tsiku limenelo mzinda unali zii, masitolo ambiri otseka, ndipo ife amene tinapita kuntchito tinazungulira wayilesi imodzi kuyambira m'mawa mpaka mdima, kumvetsera oweruza asanu, a Potani, a Kamanga, a Madise, a Kapindu ndi a Tembo, akuwerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500. Sindinasoke ngakhale mpendero umodzi. Atanena kuti chisankho chibwerezedwe pasanathe masiku 150, ndiponso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, ndinalira misozi pamaso pa anthu. Koma ndikuuzeni zoona, chimwemwe changa chinali chosakanikirana ndi mtima wofuna kuti achimwene achite manyazi, ndipo mtima umenewo sindinabadwe nawo, ndinauphunzira pamisonkhano yanu.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Pamene ife tinkadana ndi abale athu chifukwa cha inu, inuyo munkatani? Malemu Chakufwa Chihana, amene anamangidwa mu 1992 polimbana ndi ulamuliro wa MCP, anaima limodzi ndi a Gwanda Chakuamba a MCP yomweyo pa chisankho cha 1999. A Bakili Muluzi anazungulira dziko lonse mu 2004 kupempha anthu kuti avotere a Bingu wa Mutharika, amene anatuluka mu UDF mu Febuluwale 2005 n'kuyambitsa DPP, ndipo pofika 2009 a Muluzi omwewo anauza owatsatira kuti avotere a John Tembo a MCP. Malemu Chilima anali wachiwiri wanu, Bwana Pulezidenti Peter Mutharika, kuyambira 2014, anatsogolera UTM kuyambira 2018, anagwirizana ndi a Chakwera mu 2020, ndipo chipani chawo chinatuluka mu mgwirizano wa Tonse mu Julayi 2024. Sindikunena kuti kusintha maganizo ndi tchimo, ayi, nanenso ndasinthapo. Chimene chimandiwawa n'chakuti ufulu wosintha mumausungira nokha, pamene ife mumatiphunzitsa kuti wa nsalu ina ndi mdani, ndipo wosiya chipani ndi wogulitsa anzake. Inu mukakumana pamaliro ndi paukwati mumagwirana chanza, kutchulana achimwene n'kukhala pamzere umodzi wa mipando. Amene amatsala ndi mabala ndi ife a pansi pa mtengo, amene tinakhulupirira kuti mawu a pansanja munkanena kuchokera pansi pa mtima.

Malamulo aakulu a dziko lino anaoneratu khalidwe limeneli. Gawo 65 limanena kuti phungu amene wasankhidwa pa tikiti ya chipani china akachoka n'kulowa chipani chinanso cha m'Nyumba ya Malamulo, Sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe mwini, anthu akasankhenso. Tonse tikukumbukira mmene gawoli linagwedezera dziko m'zaka za 2005 mpaka 2009, pamene aphungu makumi angapo anasamukira ku mbali ya boma, bajeti n'kumachedwa chifukwa cha mkanganowo, ndipo bwalo lalikulu la apilo linagamula mu 2007 kuti gawoli ndi lovomerezeka. Komabe mu 2012 tinaonanso khamu la aphungu likuthamangira ku PP, ndipo boma lililonse likalowa timamva mawu omwewo akuti “ndaganiza zogwira ntchito ndi boma pofuna chitukuko cha dera langa.” Chipani chilichonse chimalikonda gawo 65 chikakhala kotsutsa, n'kuliiwala chikalowa m'boma. Panalinso gawo 64, limene linkapatsa anthu a m'dera mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanakwane, koma aphungu analichotsa mu 1995, malamulowo akadali atsopano. Inu aphungu 229 amene muli m'Nyumbayo lero, ndikukupemphani kuti mulibwezeretse gawo limeneli, ndipo gawo 65 ligwire ntchito pa wina aliyense posaona kuti walowera mbali iti. Munthu amene anavotera nsalu yofiira kapena yachikasu sanapemphe kuti voti yake ikasinthidwe mtundu iye atagona.

Mawu akuti kukhulupirika ife a msinkhu wanga tinakula nawo. Tili kusukulu tinkaloweza ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo kukhulupirikako kunali ndi khadi lake, limene munthu ankafunsidwa polowa mumsika ndi pokwera basi. Mayi anga ankalimanga pa mfundo ya nsalu pamodzi ndi ndalama za mchere, ndipo ankaligwiragwira tili m'njira kuti atsimikize kuti silinagwe. Pa 14 Juni 1993 tinasankha nyali kusiya tambala, ndipo ndinkaganiza kuti khadi lapita osadzabweranso. Zaka zimene ndakhala pakhonde zandionetsa kuti khadi lija linangosanduka nsalu. Silifunsidwa pachipata cha msika, koma limafunsidwa mwakachetechete pogawa malo mumsikamo, polemba ntchito, popereka makontirakiti, posamutsa ogwira ntchito m'boma, ngakhale polemba mayina a olandira chimanga nthawi ya njala. Mnzanga wina wogulitsa zipi ndi ulusi anapeza benchi lake litapatsidwa kwa munthu wina boma litangosintha, ndipo amene anamuchotsa anali anyamata opanda kalata iliyonse, chimene anali nacho ndi malaya a mtundu woyenera nyengo imeneyo. Patapita zaka, boma litasinthanso, amene analanda uja nayenso anachotsedwa mwa njira yomweyo, ndipo mnzanga anakondwa, osazindikira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pa 23 Juni 2020 ndinavotera mgwirizano wa Tonse ndi mtima wanga wonse, ndipo a Chakwera atapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 ndinasoka malaya a anthu angapo osalandira kanthu chifukwa cha chisangalalo. Tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni, kudya katatu pa tsiku ndi feteleza wa K4,495, ndipo chaka choyamba fetelezayo anagulidwadi pa mtengo umenewo. Zimene zinatsatira ndinaziona pa makina anga. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo ulusi, zipi ndi singano, zimene zonse zimachokera kunja, zinayamba kukwera mtengo sabata ndi sabata. Anthu anasiya kusoketsa zatsopano, n'kumabwera ndi mathalauza ong'ambika kuti ndiike zigamba. Mu Febuluwale 2025 anzathu ogulitsa kaunjika anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo chifukwa mabelo anafika posagulika. Thumba la feteleza m'sitolo linadutsa K100,000, magalimoto ankagona pamizere ya mafuta, ndipo shuga ankasowa m'dziko lolima nzimbe. Ndikudziwa kuti boma lija linakumana ndi mavuto amene silinawaitane, mliri wa Covid-19, kolera, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi chilala, ndipo sikungakhale chilungamo kuiwala zimenezo. Koma chimene chinandifooketsa koposa mitengo chinali kuona kuti aliyense wodandaula ankatengedwa ngati wotumidwa ndi otsutsa, ndiponso kuti ine mwini ndinatha zaka ziwiri ndikuteteza zinthu zimene mumtima ndinkadziwa kuti sizikuyenda, chifukwa choopa kuti achimwene angamve kuti ndagonja.

Ngozi ya ndege ya ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, imene inatenga a Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, ndi imene inayamba kutibweza pamodzi. Maliro anakaikidwa ku Nsipe, kwathu komweko ku Ntcheu, ndipo ine ndi achimwene tinapezeka m'khamu lomwelo. Sitinalankhulane zambiri, koma pobwerera anandinyamulira chikwama mpaka pa siteji. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ndinaona kuti n'zoona, ngakhale kuti panapitanso chaka kuti tikhale pa mbale imodzi.

Pa 16 Sepitembala 2025 ndinaima pamzere kusanache, ndipo ndinavotera inu, Bwana Pulezidenti. Ndikunena poyera chifukwa ndikufuna kuti mumvetse tanthauzo la voti imeneyo. Ndinachonga pa dzina la munthu amene ndinamuchotsa mu 2020, ndipo pambali pake panali dzina la Mayi Jane Ansah, omwe aja ndinayenda mumsewu mu 2019 kufuula kuti achoke. Sindikunena izi monyoza, ndipo udindo umene ali nawo lero ndikuulemekeza. Ndikungofuna mudziwe kuti dzanja langa linalemera pochonga, ndipo sindinali ndekha. Pa anthu oposa 3 miliyoni amene anakupatsani mavoti 56.8 pa 100, ambiri ndi onga achimwene anga, amene sanakusiyenipo, koma ambirinso ndi onga ine, amene sitinalowe chipani chanu, sitinaiwale zimene zinatikwiyitsa kale, koma tinayeza mbali ziwiri n'kuona kuti mavuto atifika pakhosi. Anthu amene akuzungulirani adzakuuzani kuti dziko lonse lasanduka buluu. Musawamvere. Mawu omwewo anauzidwa a Chakwera mu 2020, ndipo anauzidwanso malemu mkulu wanu mu 2009 atapeza mavoti 66 pa 100, koma patangopita zaka ziwiri, pa 20 Julayi 2011, anthu anali m'misewu ndipo pafupifupi 20 anataya miyoyo.

Pali chinthu chimene Amalawi aphunzira chimene andale ambiri sanachizindikire. Mu 1994 tinavota motsata zigawo, kumpoto AFORD, pakati MCP, kumwera UDF, ndipo kwa zaka zambiri munthu ankatha kulosera voti ya mnzake pongomva dzina la boma lakwawo. Khalidwe limeneli silinatheretu, koma taonani kuti mu 2014, mu 2020 ndi mu 2025 mtsogoleri amene anali pampando anagonja. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo anthu aona kuti chitsekocho chimatseguka. Lamulo loti wopambana apeze mavoti oposa theka latanthauza kuti palibe amene angalamulire podalira akwawo okha. Chotero chipani chimene chidzagawe maudindo ndi chitukuko motsata mitundu ndi zigawo chidzakhala chikudzikumbira dzenje, ndipo sindikuona chifukwa choti mudikire zaka zisanu kuti mudzaphunzire zimene anzanu aphunzira kale ndi misozi.

Kwa inu a Chakwera ndi atsogoleri a MCP, ndikuthokozani chifukwa cha zimene munachita pa 24 Sepitembala 2025, pamene munavomereza kugonja bungwe la MEC, motsogozedwa ndi Mayi Annabel Mtalimanja, lisanalengeze zotsatira zomaliza. Masiku asanu ndi atatu amene tinadikira anali olemera, mphekesera zinali ponseponse pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo ena a ife tinali titayamba kusamutsa makina kuopa zipolowe. Mawu anu a tsiku limenelo anapulumutsa katundu ndi miyoyo, monga momwe a Kamuzu Banda anachitira mu Meyi 1994. Anthu pafupifupi 1.8 miliyoni anakuvoterani m'nyengo imene kukuvoterani kunali kovuta kukufotokoza kwa mnansi, ndipo muli ndi ngongole kwa anthu amenewo. Musawasiye n'kuthamangira kumene kuli mphika. Khalani otsutsa enieni, owerenga bajeti ndi kufunsa mafunso, ndipo muwauze zoona za chimene chinalakwika, m'malo mowauza kuti Amalawi ndi osayamika.

Chimene ndikupempha ndi mtima wosweka kwambiri chikukhudza anyamata. Ulamuliro uliwonse wakhala ndi anyamata ake, apayoniya, ma Young Democrats, makadeti, ndi ena opanda dzina. Kutatsala tsiku limodzi kuti zionetsero za Julayi 2011 zichitike, anyamata onyamula zikwanje anazungulira mumzinda wa Blantyre pa magalimoto, ndipo mu Juni 2025 anthu a zikwanje anamenya ochita zionetsero muno mu Lilongwe achitetezo ali pomwepo. Maboma anali osiyana, koma chikwanje chinali chomwecho. Anyamata amenewa ine ndimawadziwa, chifukwa ndi amene amabwera kudzachepetsa malaya a chipani amene apatsidwa aakulu. Ambiri anamaliza Fomu 4 n'kusowa chochita, ndipo amagulidwa ndi ndalama yosakwana thumba la chimanga pamodzi ndi mowa wa m'masacheti. Boma likasintha, bwana amene ankawatuma amasoketsa malaya atsopano, koma iwo amatsala ndi milandu, zipsera ndi adani m'dera limene akukhala. Ngati mukufunadi kuwathandiza, atsegulireni malo m'masukulu a ntchito zamanja, ndipo apolisi amange wonyamula chikwanje aliyense, ayambire wa chipani cholamula. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama pokopa mavoti, koma tonse tinaona maenvelopu akuyenda m'kampeni yapitayi, choncho lamulolo lipatsidwe mano.

Ndikupemphanso kuti wayilesi ndi kanema wa boma zikhale za tonse, popeza msonkho umene umaziyendetsa sufunsa chipani cha woupereka. Mafumu athu musawaimike pansanja kuti anyoze ana awo omwe amene ali ku chipani china, chifukwa mfumu ikatero, mawa singathe kuweruza mlandu wa malire a munda pakati pa wabuluu ndi wofiira. Ogwira ntchito m'boma amene sanabe kanthu asiyeni agwire ntchito, ndipo amene anaba aimbidwe mlandu chifukwa cha kuba, osati chifukwa cha kumene amachokera. Milandu ya katangale imene imayamba boma likalowa n'kuzizira woimbidwayo akalowa chipani cholamula yatiphunzitsa kuti nsalu imatha kutsuka munthu kuposa khoti, ndipo ana athu akuona zimenezi.

Inu, Bwana Pulezidenti, munalumbira pa 4 Okutobala 2025 pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre, ndipo sabata yotsatira ndinapita kumudzi. Achimwene anapha nkhuku, tinadya m'mbale imodzi, ndipo sanandikumbutse mawu aja ngakhale kamodzi, ngakhale kuti anali ndi mpata wonse wotero. Ndinawapepesa chifukwa cha diresi la mwana wawo, iwo anangoti mdzukulu akubwera, ndidzasoke za ubatizo. Tili pakhonde madzulo anadutsa mayi wina wamasiye woyandikana nawo nyumba, atasenza ndowa, atavala nsalu ya tambala wakuda yoyamba kuyera ndi kuchapa. Mayiyo sanapitepo pamsonkhano wa chipani chilichonse. Nsaluyo anapatsidwa ndi mlamu wake, ndipo ndi yokhayo yosang'ambika imene ali nayo, moti amapita nayo kutchalitchi, kuchigayo ndi kumaliro. Achimwene anandiuza kuti anthu ena m'mudzimo ayamba kale kunong'ona kuti iyeyo ndi wa mbali inayo, asayembekezere kulowa pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo. Anandiuzanso kuti iwo, amene akhala abuluu zaka makumi awiri, adzaimirira pabwalo la amfumu kumunenera ngati dzina lake lidzasowe. Mayiyo ali ndi ana anayi ndi munda wa ekala imodzi. Tsiku lowerenga mayina ndidzatseka makina anga n'kukwera minibasi ya ku Ntcheu kuti ndikaime pambali pa achimwene, ndipo ndikukupemphani kuti uthenga wanu ufike kwa alangizi, kwa makhansala ndi kwa mafumu tsikulo lisanakwane, kuti polemba mayinawo asayang'ane nsalu imene munthu wavala.

Ine wanu mwaulemu,
Telala wa pakhonde, Lilongwe